Malole ndi fumbi pakhomo la odwala

Chipatala cha St Bartholomew's ku London, chomwe eni ake amangochitcha Barts, chakhala pamalo amodzimodzi ku Smithfield kuyambira mu 1123. Pamene kampani ya Skanska inkachimanganso zaka zapitazi, odwala sanasamuke. Uku madokotala akuona odwala, uku makina akugumula zipupa, chonsecho misewu ya kumeneko ndi yothina moti lole ikangoima molakwika, ambulansi yasowa podutsa.

Omangawo sanalole kuti wogulitsa aliyense azibwera ndi galimoto yake pageti. Katundu wambiri ankayamba wafikira kunyumba yosungiramo katundu ya London Construction Consolidation Centre, yoyendetsedwa ndi kampani ya Wilson James. Kumeneko ankamusanja, n'kupakira mu lole imodzi zokhazo zofunika tsiku limenelo, ndipo loleyo inkafika pa ola lomwe anapangana. Pobwerera sinkapita yopanda kanthu, inkanyamula mapaleti ndi zokutira katundu. Njirayi itayesedwa mumzindawu pakati pa 2005 ndi 2007, magalimoto ofika pamalo omangira anachepa kuposa theka.

Nkhani ya fumbi ndiyo yoopsa kwambiri, ngakhale kuti ambiri amaiona ngati yongodetsa zovala. M'dothi lokumbidwa ndi m'masiling'i akale mumakhala nkhungu yotchedwa Aspergillus. Munthu wathanzi amaipuma tsiku ndi tsiku osadwala. Koma kwa wodwala khansa amene akulandira mankhwala amphamvu, kapena amene chitetezo chake chatsika ndi HIV, timbewu take tikalowa m'mapapo tikhoza kumupha. N'chifukwa chake omanga osamala amamata mawindo a mawodi oyandikana nawo, amatchinga makonde ndi pulasitiki, amawaza madzi pogumula, amafunditsa lona pa lole ya zigumu, ndipo amatsuka matayala isanatuluke. Zonsezi sizifuna ukatswiri wochokera kunja. Zimafuna madzi, lona ndi kapitawo wosagona.

Ku Malawi nakonso nyumba zikuluzikulu za chipatala zimamangidwa mkati mwa zipatala zomwe zikugwira ntchito. Chipatala cha ana cha Mercy James, chomwe chinatsegulidwa mu 2017, chili m'bwalo la Queens ku Blantyre, ndipo cha khansa ku Lilongwe chili pambali pa Kamuzu Central. Amene anaimapo pageti la chipatala chachikulu nthawi yoona odwala akudziwa chipwirikiti chake: amayi atasenza madengu a nsima yovundikira, akabaza akulimbirana makasitomala, minibasi ikutsitsa anthu pamsewu penipeni. Dalaivala wa thipa yodzaza kwale, ali m'mwamba muja, saona wanjinga amene wamuyandikira kumbali. Ku London imfa za apanjinga zotere ndi zomwe zinabala ndondomeko ya CLOCS mu 2013, yoti malole a zomangamanga azikhala ndi zida zoonera mbali zobisika ndipo madalaivala aziphunzitsidwa.

Ku Malawi malamulo alipo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kafukufuku ntchito yaikulu isanayambe, ndipo bungwe la MEPA ndilo limavomereza. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, zomwe zimapulumutsa mitengo yambirimbiri pa chipatala chimodzi chokha. Koma lipoti la kafukufuku silitsuka tayala. Chomwe kontrakitala amachiopa ndi chomwe chalembedwa mu mgwirizano wake, chokhala ndi mtengo komanso chilango.

Ena amati zoterezi zimakweza mtengo wa ntchito m'dziko lomwe mankhwala omwe amaperewera. Nkhawayo ndi yomveka, ndipo nyumba yosonkhanitsira katundu ngati ya ku London ingakhaledi yolemetsa pa ntchito yaing'ono. Komabe bwalo lopanda kanthu kunja kwa tauni, komwe malole angadikire kuitanidwa pafoni, silingadye ndalama zambiri. Kuletsa malole nthawi yoona odwala sikufuna ndalama n'komwe. Unduna wa Zaumoyo ukamaitanitsa makampani, uzifunsiratu geti lomwe malole adzalowere, maola omwe adzayende, mtsinje womwe mchenga udzachokere, komanso komwe zigumu zikatayidwe, ndipo namwino woona zopewa matenda akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito fumbi likalowa mu wodi.