Kodi Mwana wa Msilamu Awerenge Mbiri Yolembedwa ndi Ena?

Mwana akayamba kuwerenga yekha, kholo limadzifunsa kuti limupatse mabuku ati. Pa mabuku a dini yankho silivuta kwenikweni. Vuto limadza tikafika pa mbiri ndi chikhalidwe, chifukwa mabuku ambiri ofotokoza za dziko lino, ngakhale ofotokoza za ife Asilamu, analembedwa ndi anthu a chipembedzo china: ansembe, aphunzitsi a mishoni ndi akatswiri a m'mayunivesite a kunja. Ena mwa mabukuwa amatchula makolo athu pa nkhani zowawa, makamaka malonda a akapolo. Apa kholo loopa Allah limaima pamphambano. Likabisa buku, mwana akula wosadziwa kumene achokera. Likamupatsa, liopa kuti mwana achita manyazi ndi dini yake. Maganizo anga ndi akuti timupatse, koma pa msinkhu wake, ndiponso titamuphunzitsa kaye kufunsa buku mafunso.

Mantha a makolo otere ali ndi mizu yake, ndipo si oseketsa. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali m'manja mwa mishoni, ndipo mabanja ambiri a ku Mangochi, Machinga, Salima ndi Nkhotakota anakana kutumizako ana poopa kuti abwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Anateteza chikhulupiriro, ngakhale kuti mtengo wake tikuulipirabe lero pa maphunziro. N'zoonanso kuti ena mwa olemba oyambirira anali ndi mbali. Harry Johnston, amene anatulutsa buku lake British Central Africa mu 1897, ndi yemweyo amene ankatumiza asilikali kukamenyana ndi Makanjira, Jalasi ndi Mlozi. Munthu akamalemba za mdani amene akulimbana naye, cholembera chake chimapendekera.

Komabe kubisa buku sikubisa nkhani. Kuno m'dera la mfumu yaikulu Zulu m'boma la Mchinji, kumene ndimaphunzitsa madrasa, Asilamu ndife ochepa pakati pa Angoni ndi Achewa, ambiri a iwo Akhristu. Mwana wa Msilamu kuno amakumana ndi dzina la Jumbe msanga, m'kalasi kapena pakamwa pa mnzake pabwalo la mpira. Ngati kunyumba sanamvepo kanthu, amachita chimodzi mwa ziwiri: amakana zinthu zoona, kapena amawerama ndi manyazi n'kuyamba kuganiza kuti a mwalimu ndi makolo ake anamubisiranso zina zambiri. Chachiwirichi ndi chomwe chimagwedeza imani. Kwa inu a kunyanja, kumene adhana imamveka mudzi ndi mudzi, mwana angakule osafunsidwa za akapolo, koma funsolo lidzamupeza tsiku lomwe adzapite ku sekondale ya kutali, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg.

Dini yathu sitiphunzitsa kuthawa maphunziro chifukwa cha amene wawabweretsa. Olemba mbiri ya Mtumiki Muhammad (SAW) amasimba kuti nkhondo ya Badr itatha mu 624, ena mwa akaidi a ku Makka amene analibe chuma chodziombolera anauzidwa kuti aphunzitse ana a ku Madina kulemba, ndipo potero anamasulidwa. Aphunzitsi amenewa sanali Asilamu. Mtumiki analamulanso Zayd ibn Thabit kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda. Patapita zaka mazana anayi, al-Biruni anaphunzira chinenero cha Sanskrit nalemba buku la zikhulupiriro ndi nzeru za Ahindu cha m'ma 1030, iye ali Msilamu ndithu.

Chomwe dini ikutilamula ndi kufufuza. Sura Al-Hujurat, ndime 6, ikutichenjeza kuti tisalandire nkhani tisanaitsimikize, kuopa kulakwira anthu mosadziwa. Sura An-Nisa, ndime 135, ikutilamula kuima pa chilungamo ngakhale umboni utatsutsa ife eni, makolo athu ndi abale athu. Choncho sitiloledwa kumeza zonse zimene mlendo walemba, ndipo sitiloledwanso kukana zoona pa chifukwa chakuti zakhudza agogo athu. Ibn Khaldun, m'buku lake Muqaddimah la mu 1377, anaona kuti chinthu choyamba cholowetsa bodza m'mbiri ndi kukondera gulu lako, pakuti munthu amalandira msanga nkhani yokomera mbali yake. Matenda amenewa sagwira azungu okha. Akatswiri a Hadith monga Imam Bukhari ankafunsa za nkhani iliyonse kuti wainena ndani, anaimva kwa yani, ndipo ndi wokhulupirika motani. Mafunso omwewo ndi amene mwana aziyamba nawo buku la mbiri, n'kuwonjezerapo limodzi: wolembayu ankafuna kupindulanji?

Tsono mabukuwo abwere motani? Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamameta bwino, koma sitikapereka kwa mwana wokwawa. Msinkhu uliwonse uli ndi zake.

Mwana wosakwana zaka 7 amawerenga ndi makutu. Buku lake ndi pakamwa pa amayi ndi agogo: nkhani za Nuh, Ibrahim, Yusuf ndi Musa zosimbidwa m'chinenero cha pakhomo, kaya ndi Chichewa, Chiyao kapena Chitonga, pamodzi ndi nthano za kalulu ndi miyambi ya makolo. Aloweze masura aafupi ndi madua a pa chakudya ndi pogona, ayambenso kuzindikira zilembo za Chiarabu m'buku la Qaida. Pa msinkhu uwu sipafunika nkhondo kapena akapolo. M'mera mpoyamba.

Kuyambira zaka 7, pamene Sunna ikuti mwana ayambe kulamulidwa swala, mpaka zaka 12, maziko amangidwe. Juzu Amma iyendere limodzi ndi tanthauzo lake. Lero tili ndi Qur'an yotanthauziridwa m'Chichewa ndi Sheikh Khalid Ibrahim, komanso ya m'Chiyao ya Sheikh Muhammad Abdul-Hamid Silika, kotero palibe chifukwa choti mwana aloweze mawu osadziwa chimene akunena. Kabuku ka Imam an-Nawawi kotchedwa Arba'in kali ndi mahadith 42. Banja likamaphunzira imodzi pa sabata limakamaliza chaka chisanathe. Amene ayamba kumva Chiarabu apatsidwe Qasas an-Nabiyyin, nkhani za aneneri zimene Abul Hasan Ali Nadwi analembera ana. Pambali pa amenewa pakhale Nzeru za Kale, buku la miyambi la Kumakanga, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, kuti mwana akonde chinenero chake cholembedwa.

Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 ndi amene nkhani ino ikumukhudza kwambiri. Pa dini awerenge mbiri yonse ya Mtumiki (SAW) m'buku la Ar-Raheeq al-Makhtum la Safiur Rahman Mubarakpuri, lomwe linapambana mpikisano wa bungwe la Rabita la ku Makka m'zaka za m'ma 1970. Pa malamulo a twahara, swala ndi swaumu aphunzire Safinat an-Naja pamaso pa mwalimu, ndipo pa khalidwe awerenge Ayyuha al-Walad, kalata imene Imam al-Ghazali analembera wophunzira wake. Maziko amenewa akalimba, khomo litseguke. Kukula ndi Mwambo la Gwengwe limuonetsa kaleredwe ka Achewa. Mbiri ya Achewa la Samuel Nthara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, limuonetsa za Kalonga ndi ufumu wa Amaravi. Chiikala cha Wayao, lomwe linatuluka mu 1919, linalembedwa m'Chiyao ndi Yohanna Abdallah, Myao amene anali wansembe wa Anglican. Kuti anali wansembe, mwana auzidwe; kuti anasunga zimene akuluakulu a Chiyao ankasimba za phiri la Yao, za maulendo a ku Kilwa ndi za Mataka wa ku Mwembe, auzidwenso. Tikakana bukuli chifukwa cha mkanjo wa wolemba, tataya mawu a agogo athu omwe.

Mwana wa kunyanja awerengenso za anansi amene sakhala nawo. Sura Al-Hujurat, ndime 13, ikuti mitundu ndi mafuko zinapangidwa kuti tidziwane, ndipo sitingadziwe munthu amene mbiri yake taikana. Za Angoni pali My Ngoni of Nyasaland la Yesaya Chibambo, la mu 1942, ndi From Nguni to Ngoni la D.D. Phiri. M'menemo aphunzira kuti Zwangendaba ndi anthu ake anawoloka Zambezi mu Novembala 1835. Chakacho timachidziwa chifukwa akuluakulu ankasimba kuti dzuwa linada masana pa tsiku lowoloka, ndipo akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kadamsana m'mwezi womwewo. Ameneyu ndi phunziro la kufufuza lomwe mwana saiwala: mawu a pakamwa ndi masamu zachitirana umboni.

Aphunziranso kuti Angoni a Mpezeni, amene mafumu a Chingoni a kuno ku Mchinji ali mbali yawo, ankathira nkhondo midzi ya Achewa ndi kugwira anthu, ndipo kuti iwonso anagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi kumayambiriro a 1898, ng'ombe zawo n'kulandidwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni n'kuphedwa. Malire a Malawi ndi Zambia anagawa mtundu umodzi pawiri, Fort Manning mbali ino ndi Fort Jameson mbali inayo, ndiwo Mchinji ndi Chipata a lero, ndipo mpaka pano anthu amawoloka mu Febuluwale kukachita mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Mwana wowerenga izi amazindikira kuti mtundu uliwonse unalakwirapo ena ndipo unalakwiridwapo. Kudziwa zimenezi sikuchepetsa tchimo la wina aliyense, koma kumachotsa mwano pakamwa.

Akuluakulu tili ndi mabuku athu ofunika kupirira. Riyad as-Salihin la Imam an-Nawawi likhale la tsiku ndi tsiku. Pa mbiri yathu pali Malawi's Muslims, lomwe David Bone anasonkhanitsa ndipo linatuluka m'mabuku a Kachere mu 2000. Limasimba za kufika kwa Chisilamu ndi za mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anafalitsa maphunziro a dini m'mbali mwa nyanja. Pali Ivory and Slaves in East Central Africa la Edward Alpers, la mu 1975, ndi A History of Malawi la John McCracken, la mu 2012. Tikawawerenga tidzatha kuuza mwana zoona ndi nkhope yowongoka: kuti Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, kuti zombo zake zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya, pa ulendo wa ku Kilwa, kuti mafumu ena a Chisilamu analemera ndi malonda amenewa. Tidzamuuzanso kuti m'Sahih Bukhari muli hadith yonena kuti Allah adzakhala wotsutsana naye pa Tsiku la Chiweruzo munthu amene anagulitsa mfulu n'kudya ndalama zake. Amene anachita zimenezo anaphwanya dini yomwe ankavomereza, ndipo mwana wodziwa hadith imeneyi sasowa chonena kwa mnzake.

Wina anena kuti mabukuwa ndi okwera mtengo, ena ndi osowa, ndipo ambiri ali m'Chingerezi. N'zoona, koma mutu umodzi susenza denga. Komiti ya mzikiti ikhoza kugula buku limodzi pa chaka n'kuliika m'kabati ya madrasa, ndi kope lolembamo obwereka. Nthambi za National Library Service zimabwereketsa mabuku m'maboma angapo. Mwana wa Fomu 3 akhoza kuwerenga tsamba limodzi pakati pa Maghrib ndi Isha n'kumasulira m'chinenero cha pakhomo, agogo amene maso anafooka akumvera. Nthawi zambiri agogowo adzamudula mawu kuti awongole dzina la mudzi kapena la mfumu, ndipo pamenepo banja lidzaona kuti buku nalonso limafunika kuwongoleredwa.

Apa ndi pamene pali udindo wathu wotsiriza. Takhala tikudandaula kuti mbiri yathu analemba ndi ena, koma m'midzi yathu muli nkhalamba zodziwa amene anamanga mzikiti woyamba, mwalimu amene anabwera ndi Qur'an yoyamba, ndi kumene anakaphunzira. Janaza iliyonse ya munthu wotere imapita ndi masamba amene sanalembedwe. Kope ndi cholembera, kapena foni yojambula mawu, n'zokwanira kuyambira. Mwana amene waphunzira kufunsa buku la mlendo kuti wanena ndani ndipo anamva kwa yani, ndi yemweyo amene adzalembe lathu mwachilungamo, lomwe ana a anansi athu adzaliwerenge osaliopa.

Allah ationjezere maphunziro opindulitsa, atiteteze ku bodza lotikomera, ndipo atipatse ana okonda choonadi. Iye ndiye Wodziwa koposa.