Naoko, Dzina la Amayi Awiri

Kunja kwayamba kuyera.

Ku Japan kuli dzina la ana aakazi lakuti Naoko. M'mawa uno ndikuganizira amayi awiri amene amaitanidwa ndi dzinali.

Naoko Takahashi anali katswiri wothamanga. Mu 2000, pa masewera a Olympics ku Sydney, anathamanga makilomita 42 m'maola awiri ndi mphindi 23, n'kulandira mendulo ya golide.

Koma amene amandikhudza mtima kwambiri ndi Naoko Yamazaki. Iwowa anasankhidwa mu 1999 kuti adzapite kuthambo. Anaphunzira, anakonzeka. Kenaka mu 2003 chombo cha Columbia chinachita ngozi, maulendo a zombo zamtunduwu n'kuima. Mayi Yamazaki anapitirizabe maphunziro awo, uku akulera mwana wawo wamkazi. Tsiku lawo linadzafika mu 2010, pamene anakwera chombo cha Discovery.

Zaka 11, abale anga. Kudzuka m'mawa uliwonse, tsiku la ulendo osalidziwa.

Mwina nanunso pali chimene mukudikira, ndipo chachedwa. Mukamatuluka pakhomo lero, muwakumbukire mayi amenewa, amene ankapitabe kukakonzekera ngakhale chombo chinali chisananyamuke.