Nkhosa Zadothi ndi Funso la Mwana

Lamulungu lina, Misa itangotha, ndidaona ana pafupifupi 20 atakhala mozungulira patsinde pa mtengo wa mango, pafupi ndi tchalitchi chathu. Manja ao adali matope okhaokha. Mphunzitsi wao wa Tilitonse, mayi amene watumikira ana kwa zaka zambiri, adali atawawerengera fanizo la nkhosa yosokera, kenaka nkuwagawira dothi la pachulu kuti aliyense aumbe nkhosa yake. Anyamata awiri adamanga khola la timitengo. Nkhosa zonse zitalowa m'kholamo, mayi uja adauza ana kuti atsinzine, nabisa imodzi m'udzu. Powerenga adapeza kuti imodzi palibe, ndipo mwini wake, mtsikana wa zaka 6, adayamba kulira. Gulu lonse lidabalalika kukaifunafuna.

Chapatali padaima bambo wina wamkulu, mkhristu wolimba amene adaphunzira katekisimu nthawi imene Misa inkachitika m'Chilatini. Ankapukusa mutu. Adandiuza kuti iwo adaloweza mafunso ndi mayankho mwaulemu ndi mwamantha, ndipo mpaka lero sadaiwale, koma masiku ano Mau a Mulungu asanduka masanje. Mau amenewa adandikhala mumtima, ndipo ndi amene andichititsa kuti ndilingalire nanu funso ili, inu makolo anzanga: kodi nkoyenera kuika zinthu zoyera m'manja mwa ana kuti azigwire, aziumbe ndi kuzichita sewero, kapena kutero nkuchepetsa ulemu wa Mulungu?

Tiyambe tavomera kuti nkhawa ya bamboyo ili ndi maziko. Mwana amene sadaphunzire kukhala chete pamaso pa Mulungu wamanidwa chinthu chachikulu. Ndiponso kuloweza si koipa. Papa John Paul II, m'kalata yake ya m'chaka cha 1979 yonena za kuphunzitsa chikhristu, adachenjeza kuti tisataye mwambo woloweza mau a Yesu, Malamulo Khumi ndi mapemphero ofunika. Koma adaonjeza kuti zolowezazo ziyenera kumveka tanthauzo lake ndi kukhazikika mumtima. Apa ndiye pagona nkhani. Ndi angati mwa ana athu amene adayankha bwino mafunso onse, nalandira Ukaristia ndi Ulimbitso, kenaka nkuzimirira ngati mame dzuwa likakwera? Mau adali pamilomo, koma sadazike mizu.

Tikatsegula Malembo Oyera tipeza kuti Mulungu mwini wake ndiye adayamba kuphunzitsa ana kudzera m'manja, m'maso ndi m'kamwa. Pa Eksodo 12 adalamula kuti banja lililonse lidye Paska litavala zapaulendo, ndodo ili m'manja, likudya mofulumira nyama yootcha, buledi wosatupitsa ndi ndiwo zowawa. Ndipo adaneneratu kuti ana adzafunsa tanthauzo la mwambowo. Pa Levitiko 23 adalamula Aisraele kuti chaka ndi chaka azikhala masiku 7 m'misasa, kuti mibadwo yam'tsogolo idziwe mmene makolo ao adakhalira potuluka ku Ejipito. Pa Yoswa 4, anthu ataoloka Yordani, amuna 12 adasenza miyala 12 kuchokera pakati pa mtsinje, naiimika ku Giligala, kuti ana akadzaiona adzafunse. Taonani dongosolo lake. Mwala sulankhula. Ntchito yake ndi kudzutsa funso mumtima mwa mwana, ndipo yankho lidasiyidwa m'kamwa mwa kholo.

Ambuye Yesu nawonso sadaphunzitse ndi mau okha. Atafunsidwa za msonkho, adaitanitsa ndalama kuti anthu aione. Ophunzira ao atakangana za ukulu, adatenga mwana namuimika pakati pao. Pochiritsa munthu wosaona chibadwire, adakanda thope ndi manja ao. Ndipo usiku wotsiriza adatenga madzi ndi nsalu, nasambitsa mapazi a ophunzira ao. Eklezia adatsata njira yomweyo: madzi a Ubatizo, mafuta odzozera, buledi ndi vinyo, kanjedza amene timanyamula, phulusa limene timalandira poyamba nyengo ya Lenti. Chikhulupiriro chathu chimati Mwana wa Mulungu adadzakhala munthu, woti nkumuona ndi kumukhudza. Tsono ife amene timaweramitsa mutu kuti atipake phulusa pachipumi, tinganyoze bwanji dothi la m'manja mwa mwana?

Mbiri ya Eklezia ikuchitiranso umboni. M'chaka cha 1223, pa mudzi wa Greccio ku Italy, Francis Woyera wa ku Assisi adakonzetsa modyera ziweto, naikamo udzu, nabweretsa ng'ombe ndi bulu, kuti anthu aone ndi maso ao umphawi umene Mpulumutsi adabadwiramo. Khola la Khirisimasi limene timamanga m'matchalitchi mwathu limatikumbutsa usiku umenewo. M'chaka cha 1954, mu mzinda wa Rome, amayi awiri, Sofia Cavalletti, katswiri wa Malembo, ndi Gianna Gobbi, mphunzitsi wotsata njira za Maria Montessori, adayamba kuphunzitsa ana aang'ono pogwiritsa ntchito tinthu togwirika, monga mbusa, nkhosa ndi khola zosema pamtengo. Njira yao idafalikira m'maiko ambiri. Chochititsa chidwi ndi chakuti mphunzitsi safulumira kuuza mwana kuti nkhosazo zikuimira yani. Amawerenga fanizo, namsiya mwanayo kuti aziyendetsa nkhosa mpaka tsiku limene adzazindikire yekha kuti nkhosa imene mbusa akuiitana ndi dzina lake ndi iye amene. Chimene mwana wachitulukira yekha sachitaya msanga.

Koma sitikusowa kupita kutali. Ndani mwa ife adaphunzira kuphika nsima poloweza malamulo a kaphikidwe? Mtsikana adayambira ku masanje, ndi kamphika kake ndi ufa wopempha kwa amake. Mnyamata adaphunzira kuweta poumba ng'ombe zadothi asanapatsidwe zenizeni. Ndipo madzulo, agogo akamakamba nthano, ana sankangokhala duu. Ankavomera kuti ali tonse, nkumaimba nao nyimbo za m'nthanomo. Dzina la Tilitonse limatikumbutsa zimenezi. Makolo athu ankadziwa kuti masanje ndi sukulu imene mwana amayeseramo moyo wa akuluakulu. Choncho bambo uja potchula masanje adanena zoona zoposa zimene ankaganiza.

Mphunzitsi wanzeru amasankha mutu umodzi, nakhala nao masabata angapo, potsata nyengo. Mvula ikagwa ndipo anthu ali pakalikiliki kubzala, mutu ukhoza kukhala mbeu. Ana agawidwe m'magulu anai: ena abzale chimanga panjira pouma, ena pamiyala, ena pakati pa minga, ena pa nthaka yabwino. Lamulungu lililonse akayendere minda yao ing'onoing'ono. Pakutha pa mwezi fanizo la wofesa mbeu adzakhala ataliona likumera ndi kufota pamaso pao. M'nyengo ya masika mutu ukhoza kukhala chakudya, ndi nkhani ya mnyamata amene adapereka buledi msanu ndi nsomba ziwiri. Dzuwa la mwezi wa October likamaswa mtengo, zitsime zikuphwa, ana adzamva msanga nkhani ya mayi wa ku Samariya pachitsime. Mutu umodzi wolowa pansi uposa nkhani khumi zongodutsa pamwamba.

Komabe tisadzinyenge. Njira imeneyi ili ndi maenje ake, ndipo apa mpamene chenjezo la akuluakulu liyenera kumveka. Dzenje loyamba ndi lakuti ntchito ya manja imeza Mau. Ana akhoza kubwerera kwao akukumbukira dothi ndi kuseka, osadziwa kuti Yesu adanenapo chiyani. Chifukwa chake Buku Loyera litsegulidwe poyamba, liwerengedwe pang'onopang'ono ana ali chete, ndipo pomaliza pakhale kanthawi ka pemphero. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1965, udalimbikitsa kuti akhristu onse akhale ndi mwayi wowerenga Malembo. Ife tidalandira Malembo Oyera m'chinenero chathu mu 1966, ndipo mu 1998 kudatuluka Buku Loyera limene Akatolika ndi mipingo ina adamasulira limodzi. Tilibe chifukwa chopatsira ana nkhani zongokumbukira pamtima, zosakanizika ndi zathu, pamene buku lili pomwepo.

Dzenje lachiwiri ndi lobisika kwambiri. Gulu limaphunzitsa ndi khalidwe lake kuposa ndi phunziro lake. Ngati pa sewero la Khirisimasi mwana wa mkulu wa mpingo ndiye amakhala Maria chaka ndi chaka, pamene mwana wamasiye amakhala bulu kapena Herode, ana aphunzira kale uthenga wina umene suli mu Mthenga Wabwino. Ngati pali mphotho ya amene waumba nkhosa yokongola koposa, ndiye kuti taphunzitsa mpikisano pa fanizo limene likunena za chifundo. Ngati tilamula kuti mwana aliyense abwere ndi ndalama yogulira mapepala ndi utoto, mwana wa mmphawi adzakhala kunyumba chifukwa cha manyazi. Dothi, mapesi, zitsononkho, luzi ndi nsungwi nzaulere, ndipo zimafananitsa ana onse. Mwana wosayenda bwino, wachibwibwi kapena wamanyazi apatsidwe gawo lenileni, chifukwa mmene timamchitira iyeyo ndilo phunziro limene anzake sadzaliiwala.

Dzenje lachitatu ndi kasankhidwe ka nkhani. Si nkhani iliyonse ya m'Malembo imene ili yoyenera kuichita sewero ndi ana aang'ono. Mukawapatsa malegeni anyamata kuti ayesere Davide ndi Goliati, ambiri adzapita kwao atagwira mfundo yakuti bwenzi la Mulungu ndi amene amalasa bwino, osati yakuti wofooka adadalira Mulungu. Nkhani ya Abrahamu atanyamula mpeni pa mwana wake Isaki idikire mpaka ana atakhwima nzeru. Zimene mwana wachita ndi thupi lake zimalowa mozama, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndiye chifukwa chake mphunzitsi ayenera kudzifunsa asanayambe: kodi manja a ana awa akazolowera chiyani lero?

Nanga tidzadziwa bwanji kuti ntchitoyo yapindula? Sitidzayesa ndi kukongola kwa zoumba, kapena ndi kuomba m'manja kwa anthu pa tsiku la sewero. Tidzayesa ndi zinthu ziwiri: funso ndi ntchito. Kodi mwana wafunsa kanthu kochokera mumtima mwake? Ndipo kodi gulu limene lachita sewero la Msamariya wachifundo lapita kukatungira madzi ndi kukatolera nkhuni gogo wodwala wa m'mphakati mwao? Sewero likathera pabwalo la tchalitchi, ndiye kuti bambo uja adanena zoona. Koma likafika pakhomo pa wodwala, Mau asanduka moyo.

Tsono funso lija likadzuka, adzaliyankha ndani? Sabata ili ndi maora 168, ndipo mphunzitsi wa Tilitonse amakhala ndi mwana wanu ora limodzi kapena awiri. Otsalawo ndi anu. Kalata ya Papa ija idanena kuti chiphunzitso cha m'banja chimatsogola, chimaperekeza ndipo chimalemeretsa ziphunzitso zina zonse. Maepiskopi a chigawo chino cha Africa, pa msonkhano wa AMECEA wa mu 1976, adaika miphakati patsogolo pa ntchito zao zaubusa kuti chikhristu chikhale kumene anthu amakhala. Komatu kawirikawiri mwana amafika kunyumba ndi nkhosa yake yadothi, mayi nkumukalipira kuti wadetsa zovala za ku tchalitchi, bambo osacheukako nkomwe, ndipo madzulo nkhosayo imasesedwa pamodzi ndi zinyalala. Potero timataya mwala wa ku Giligala mwana asanafunse. Sipafunika maphunziro apamwamba kuti kholo linene kuti: tandiuza, mwana wanga, nkhosa imeneyi idatani? Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo woongola woyamba ndi amene amagona nyumba imodzi ndi mwanayo.

Nkhosa ija idapezeka. Amene adaiona poyamba adali bambo wamkulu yemwe uja, ndipo adailoza ndi ndodo yake osanena kanthu. Sindikunena kuti adasintha maganizo. Mpaka lero amaumirira kuti ana aziloweza, ndipo ndikuganiza kuti mpingo ukusowa mau ake kuti dothi lisapose Buku. Koma nkhosayo idapezeka itathyoka mwendo, chifukwa wina adaiponda pofunafuna. Anzake adauza mtsikana uja kuti aitaye, aumbe ina yabwino. Iye adakana, naifukata. Kenaka adafunsa mphunzitsi ngati Yesu amafunafunanso nkhosa yothyoka mwendo, kapena amangofuna zabwinobwino zokha.

Mphunzitsi adamuyankha, namuuza kuti akafunsenso amake ndi atate ake. Mwanayo adanyamuka ulendo wa kwao, nkhosa ili m'manja, funso lili mumtima. Lamulungu likudzali ana enanso ambiri adzalowa m'makomo mwathu atanyamula zotere. Tiyeni tipemphe Mbusa Wabwino kuti akatipeze tili okonzeka kuika pansi zimene tagwira, kukhala pamphasa, ndi kuwayankha.