Kodi Nzeru Yobwereka Ndi Nzeru?

Ku Katete ndi ku Sinda mnyamata aphunzira nsolo pakuyang'ana manja a akulu. Koma alipo masewera ena ocokera kutali, dzina lace chess, amene anthu awaphunzira m'mabuku. Awiri akhala pa thabwa la zipinda 64, yense ndi ankhondo 16, ndipo woyamba ali nazo njira 20 zoyambira. Akatswiri, monga Amon Simutowe wa m'Zambia muno, amene analandira ulemu wa grandmaster m'caka ca 2009, asanthula masewera a anzao akale kuti adziwe ciyambi cokoma. Ciyambi cina cichulidwa ndi dzina la Ruy López, wansembe wa ku Spain amene anacilongosola m'buku lace m'caka ca 1561, ndipo acisewerabe kufikira lero.

Tsono funso nali: munthu akapambana ndi mayendedwe amene anawapeza wina, kodi nzeruyo nja yani?

Ena ati kutero nkukolola m'munda mwa eni. Koma tiyeni tilingalire. Wokana kuphunzira kwa akale agwa m'mbuna zimene anzace anazizindikira zaka mazana zapitazo. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Kubwereka sikucititsa manyazi ai.

Coopsa cili pena. Buku limperekeza munthu pang'ono cabe, pakuti mdani sakakamizidwa kutsata zolembedwa. Akapatuka iye, uja analoweza mayendedwe osadziwa cifukwa cace angoti kakasi, ngati mlendo amene womtsogolera wamthawa pakati pa thengo. Koma uja anafunsa kuti, "Kavaloyu ayenderanji cotere?" adziwa cimene alikuteteza, ndipo apeza yekha njira.

Momwemonso ndi mwambo wathu. Caka ndi caka Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana ku Mkaika pa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo ana aona zocita makolo. Koma mwana wodziwa kugwada ndi kuomba m'manja, osadziwa cimene ulemu uteteza, adzautaya tsiku limene adzafika kumene kulibe womuona. Mlandu suli pa mwana yekha, uli pa ifenso akulu, ngati tiyankha funso lace ndi mau akuti, "Ndi mwambo basi."

Cifukwa cace, inu ophunzitsa ana, popereka lamulo perekani ndi cifukwa comwe. Nzeru yobwereka isanduka yace ya munthu pamene adziwa cimene anaibwerekera.