Mapiritsi, pemphero ndi agogo a pa benchi

"Chipatala cha chiyani munthu alibe malungo? Ameneyu akungofunika pemphero." Anatero mayi wina pakhonde, akunena za mwana wa mchemwali wake amene anali atatha milungu ingapo osatuluka m'chipinda, nsima ikuumira m'mbale, foni ikulira osayankha. Mlongo wa mnyamatayo, yemwe ndi namwino, anaumirira kuti apite naye kwa dokotala. Amalume awo anadula nkhani: mwamuna salira, akasake ganyu asiye kuganiza kwambiri.

Mwa atatuwa, namwinoyo ndiye ali pafupi ndi choonadi. Kuvutika maganizo ndi matenda, ndipo amasiyana ndi chisoni cha masiku onse. Munthu amakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena kuposa. Zimene ankazikonda, kaya mpira kaya kwaya, sizimukomeranso. Tulo timasowa kapena timachuluka, chakudya sichilowa, amadziona wachabechabe, ndipo ena amafika poganiza zodzipha. Bungwe la WHO linayerekeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni padziko lonse anali ndi vutoli, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Mankhwala alipo, monga amitriptyline ndi fluoxetine, koma sagwira ngati panado. Pamapita milungu munthu asanaone kusintha, n'chifukwa chake ambiri amawasiya msanga, n'kumati dokotala wawanamiza.

Mantha a mayi uja nawo ali ndi gwero. Aliyense amene anaphunzira pulayimale kuno akukumbukira mmene ana ankanyozerana kuti "akutengera ku Zomba." Dzina la mzinda wonse linasanduka chitonzo chifukwa cha chipatala cha anthu odwala matenda a m'mutu. Ngakhale lero a St John of God akuthandiza anthu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, banja limaopabe kuti mwana akangoonedwa pakhomo lotere, anthu amutcha wamisala ndipo banja sadzalipeza.

Koma mfundo yovuta kuiyankha ndi ina, ndipo amene amainena kwambiri ndi anthu ophunzira. Iwo amati zambiri zimene madokotala akuzitcha matenda ndi umphawi chabe. Bambo amene wakatapila akumugogodera m'mawa uliwonse, mlimi amene feteleza anamukanika kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mayi wa ku Chilobwe amene namondwe Freddy anamukokololera nyumba ndi ana mu Malichi chaka chomwecho: kodi amenewa akudwala, kapena akungoona bwinobwino mmene zinthu zilili? Kupatsa piritsi munthu amene wagona ndi njala, iwo amati, ndi kumutseka pakamwa. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndithu, ndipo dokotala amene amalemba mankhwala osafunsa za kunyumba ayenera kuimva. Piritsi silibweza ngongole.

Komabe anthu awiri angakhale ndi ngongole yofanana, wina n'kumadzuka kukagulitsa tomato, wina n'kulephera ngakhale kusamba. Wachiwiriyu umphawi wamugwetsera m'matenda, ndipo matendawo akumulanda mphamvu zolimbana ndi umphawiwo. Kumuuza kuti adikire chuma cha dziko chikonzeke ndi kumutaya.

Apa zimene zinachitika ku Zimbabwe zikuthandiza kuona nkhaniyi mwa njira ina. Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo ku Harare, amasimba za mtsikana wina amene iye ankamuthandiza, yemwe anadzipha chifukwa kwawo kunalibe ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Pozindikira kuti madokotala ngati iye ndi owerengeka, anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kumvetsera anthu ovutika maganizo. Anaika mabenchi a matabwa panja pa zipatala zing'onozing'ono, ntchitoyo n'kuitcha Friendship Bench. Munthu amakumana ndi gogo kasanu ndi kamodzi. Gogoyo salalikira, salangizanso ngati nankungwi. Amamusiya munthu akhuthule zonse, kenako amamufunsa kuti pa mavuto onsewa ayambe ndi liti. Mwina ndi fizi, mwina ndi mwamuna womenya, mwina ndi kuopa kuulula kuti ali ndi kachilombo. Asankha limodzi, n'kupangana chochita mlungu umenewo. Amene aoneka kuti moyo wake uli pangozi amamutumiza kwa namwino kapena dokotala.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anatsata anthu 573. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za matendawa, pamene mwa amene sanakhale pa benchi anali pafupifupi theka. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi.

Chochititsa chidwi n'chakuti benchi silisankha mbali pa mkangano wa pakhonde uja. Limavomereza kuti munthu akudwala, limavomerezanso kuti ngongole yake ndi yeniyeni. Pempheronso lili ndi malo ake, pakuti mpingo umene umayendera wodwala ndi kumubweretsera ufa ukuchita ntchito yaikulu. Choopsa ndi mbusa wouza munthu kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kapena kuti kukhumudwa kwake ndi tchimo.

Mawu a amalume ndiwo ayenera kusiyidwa. Malipoti a apolisi kuno amasonyeza kawirikawiri kuti ambiri odzipha ndi amuna, anthu omwewo amene anakula akuuzidwa kuti asalire. Wachibale akasintha ngati mnyamata uja, wina m'banjamo akhale naye pansi ndi kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funso limeneli silimuika munthu maganizowo m'mutu. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.