Yambani Mwawerenga Anthu, Kenako Mutape

Ana anga, inu amene mwabwera kuno ku Britain kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, komanso inu amene muli pasukulu, ndili ndi mawu pa nkhani imene ikuoneka yaing'ono. Tsiku lina anzanu akuntchito adzati tiyeni tikadye kunja, ndipo adzakutengerani kumalo kumene munthu saitanitsa mbale yakeyake. Woperekera zakudya adzafika n'kunena kuti kuno chakudya n'chogawana, muitanitse timbale tiwiri kapena titatu pa munthu aliyense, ndipo tizibwera kamodzikamodzi malinga ndi mmene tapsera kukhitchini. Posakhalitsa patebulo padzatera kambale ka tizidutswa tinayi, inu mulipo asanu. Apa m'pamene ndaona ana athu olongosoka akusokonezeka. Ena manyazi amawagwira, amangotola kamodzi n'kubwerera kunyumba ndi njala atalipira ndalama zambiri. Ena amakokera kambaleko kwa iwo, poganiza kuti popeza anakatchula ndi iwowo ndiye kuti ndi kawo. Zonse ziwirizi zimandipweteka mtima, chifukwa mwana wa kwathu sayenera kuchita kuphunzitsidwa ndi anthu a kuno kudyera mbale imodzi ndi anzake.

Kadyedwe kameneka kali ndi kwawo. Ku Spain amati tapas, ndipo kumeneko si chakudya cha anthu apamwamba ayi. Anthu a kumeneko amadya mgonero mochedwa, cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku, choncho akaweruka amayamba akumana pabala. Amaimirira pakauntala, tambula ya mowa kapena vinyo ili m'manja, uku akutola maolivi, mbatatesi yokazinga yothira msuzi wa tsabola imene amati patatas bravas, kapena chidutswa cha tortilla, mazira okazingira pamodzi ndi mbatatesi. Akatha apo amasunthira pabala ina. Mumzinda wa Logroño muli kamsewu kotchedwa Calle Laurel komwe mabala ali mothithikana, ndipo ambiri amadziwika ndi chakudya chimodzi chokha, monga bowa wowotcha. Ku Granada ukagula chakumwa amakupatsa kambale kaulere. Ku San Sebastián tizakudyato amatiika pa buledi, kutibaya ndi kamtengo, n'kutiyala pakauntala. Chimene anthu apitira kumeneko ndi macheza, chakudya chimangoperekeza nkhani.

Mu London kadyedweka kanakula mphamvu pamene ku Soho kunatsegulidwa malo monga Barrafina mu 2007 ndi Polpo mu 2009, yomwe inatengera timbale ta ku Venice. Lero mukapeza zofananazo m'malesitilanti a zakudya za ku Lebanon, kumene amati mezze, ndi a ku China, kumene amati dim sum. Chimene chinasintha powoloka nyanja ndi mtengo, ndipo za mtengozo ndibwererako.

Amene munakulira kumudzi mukukumbukira chidyerano, mabanja a mudzi umodzi kutulutsa nsima ndi ndiwo zawo n'kudzadyera pamodzi, abambo paokha, amayi paokha. Nyumba iyi yaphika nkhwani wotendera, iyo usipa, inayo nyemba kapena therere, ndipo amene kwawo kunalibe ndiwo tsikulo sankagona ndi njala. Ngakhale inu a ku Ndirande ndi ku Kawale munadyerapo mbale imodzi ndi abale anu. Panali malamulo amene palibe anawalemba. Wamkulu ndiye ayambe kusamba m'manja. Utape mbali yako, usawolokere kwa mnzako. Usasuse ndiwo. Nthuli ya nyama usaithamangire. Ndipo panali lina lalikulu, limene amayi ankakuphunzitsa ndi diso lokha osatsegula pakamwa: dzanja lako lisathamange kuposa la wamng'ono amene wakhala pambali pako. Mwana wosusuka ankadziwika pa nsima, ndipo mbiri imeneyo inkamutsata mpaka pokafunsira mbeta. Zimenezi musazisiye pabwalo la ndege la Chileka kapena Kamuzu poganiza kuti n'zachimidzi. Patebulo la timbale tapakati, zimenezi ndiye maphunziro amene akufunika.

Kambale kakatera, musanatambasule dzanja, werengani anthu, muwerengenso zimene zili m'kambalemo. Zikaperewera, dulani ndi mpeni kapena nenani kuti tiitanitsenso kena. Chimene mwaitanitsa inu yambani mwapatsira mnzanu, pakuti chikafika pakati dzina lanu lachokapo. Yang'aniraninso amene wakhala kumapeto kwa tebulo. Woperekera amatula mbale pamene mkono wake wafika, ndipo nthawi zambiri amakhala malo amodzimodzi. Wakumapetoyo, yemwe kawirikawiri amakhala munthu wofatsa kapena wongoyamba kumene ntchito, amangolandira mbale zitatsala msuzi wokha. Sadzadandaula, adzangomwetulira n'kumamwa madzi. Nyamulani kambaleko mumupatsire chakudya chidakali chotentha. Ndikunenetsa, ana anga, anthu amaiwala zimene munalankhula usiku umenewo, koma munthu amene anamuona ali kumapeto n'kumukumbukira samuiwala.

Kachidutswa komaliza kamavuta kulikonse. Ngakhale ku Spain kamatsala m'mbale anthu akuchitirana manyazi. Musakatole mwakabisira, komanso musakasiye kazizire mpaka kakatayidwe, chifukwa kutaya chakudya sikunakhalepo ulemu. Funsani kuti ndani sanalaweko. Akakana onse, idyani ndi mtima woyera.

Pali pamodzi pamene mwambo wathu ukusiyana ndi wawo. Kwathu timasamba m'manja onse akuona, n'chifukwa chake dzanja limaloledwa m'mbale ya ndiwo. Kuno beseni silibwera, choncho pitani mukasambe nokha musanakhale pansi. Foloko imene yalowa mkamwa mwanu isabwererenso m'mbale ya onse. Tapani ndi supuni imene yabwera ndi chakudyacho, ikani m'kambale kanu, mudyere mmenemo. Buledi amene mwaluma kale musamuviikenso mumsuzi wa anthu onse. Koma manja musawaope: buledi amanyema ndi manja, maolivi amatola ndi zala, ndipo zambiri za mezze amatapira buledi.

Safunsa adadya phula. Mayina a pamenyu ambiri ndi achilendo ngakhale kwa Angerezi eni ake, ndiye palibe chochititsa manyazi kufunsa kuti m'chakudya ichi muli chiyani. Zakudya za ku Spain zimakonda nkhumba, ndipo imabisala. Jamón ndi mwendo wa nkhumba woumika ndi mchere, umenewo umaoneka. Koma timibulu tokazinga totchedwa croquetas kawirikawiri timakhala ndi nyama yomweyo mkati, nyemba amaziphika ndi soseji ya nkhumba yotchedwa chorizo, ndipo morcilla ndi soseji ya magazi. Mukakhala ndi mnzanu wachisilamu wa ku Mangochi kapena Machinga, kapena wa mpingo wa Seventh-day Adventist amene sadya nkhumba ndi nkhanu, musadikire kuti achite kudzinenera yekha pagulu. Funsani onse musanaitanitse kuti alipo amene ali ndi chimene sadya. Anzanu ambiri ochokera ku India sadya ng'ombe, ena sadya nyama n'komwe.

Apa pali cholakwa chimene chimachitika kawirikawiri popanda wochiona. Amene amadya chilichonse amadya nyama, n'kudyanso zamasamba zimene zinaitanitsidwa chifukwa cha mnzawo wosadya nyama uja. Iyeyo alibe kothawira, timbale take ndi tomweto. Mukaona kuti pa timbale khumi iye akutha kudya titatu tokha, titatuto tapanimo pang'ono, kapena muitanitse tiwiritiwiri. Inu ogwira ntchito m'chipatala mukudziwanso kuti pali anthu amene mtedza, mazira, chitowe kapena nkhanu zimawatupitsa mpaka kubanika. Malamulo a kuno amalamula malo odyera kuti azifotokoza za zinthu 14 zoterezi, choncho woperekera akafunsidwa amayankha. Mbali yanu ndi yakuti supuni ya mbale iyi isalowe m'mbale iyo.

Za njala ndinene mwachidule. Mimba yozolowera nsima timbale timeneti imatiwerengera ngati ndiwo zopanda chodyera. Musapite kumeneko mutasala tsiku lonse, chifukwa njala imachotsa ulemu. Lawani kanthu kunyumba, ndipo poitanitsa onetsetsani kuti pali buledi, mbatatesi ndi tortilla, zimene zimagwira m'mimba pa mtengo wochepa. Yambani ndi timbale tochepa, mudzawonjezera. Zakudya zimenezi zimakhala za mchere wambiri ndipo zimaitana ludzu, ndiye wosasamala amapezeka wamwa mowa woposa chakudya chimene wadya. Malo ogulitsa mowa ku England, Wales ndi Scotland amayenera kupereka madzi a pampopi kwaulere munthu akapempha. Pemphani, si umphawi.

Tsopano ndalama, pamene pamagona mavuto enieni. Kwathu amene wakuitana ndiye amalipira, ndipo ku Spain mwini tsiku lobadwa kawirikawiri ndi amene amagulira anzake. Kuno sizili choncho. Mnzanu akati bwerani tikasangalale pa tsiku langa lobadwa, nthawi zambiri aliyense amadzilipirira, mwinanso kusonkherana kulipirira mwini tsikuyo. Musapite ndi thumba lopepuka poganiza kuti ndinu mlendo. Mtengo wa kambale kamodzi umaoneka wochepa, ndipo m'pamene pali msampha. Tiyerekeze kuti muli asanu, mwaitanitsa timbale 15 pa mapaundi 9 kalikonse. Amenewo ndi mapaundi 135. Malo ambiri mu London amawonjezera 12.5 peresenti ya operekera, ndiye mwadutsa mapaundi 150, kutanthauza mapaundi 30 munthu mmodzi musanawerengere chakumwa chilichonse. Menyu ya malo ambiri ili pa intaneti. Iwerengeni muli kunyumba, mudziwe chimene mukulowa.

Ndikudziwa katundu amene mwasenza. Pali fizi ya mng'ono wanu, feteleza wa amayi, lendi ya kuno imene sidikira munthu. Mwezi ukakhala wothina, kanani mwaulemu, nenani kuti ulendo uno sindikwanitsa, mundiitanenso. Angerezi amamva mawu amenewo ndipo sakhumudwa nawo. Choipa ndi kuvomera chifukwa cha manyazi n'kukalipira ndi khadi la ngongole, kapena kukhala patebulo nkhope ili gwaa, mukusintha mapaundi kukhala makwacha m'mutu pa kambale kalikonse kamene katera. Koma musamakane nthawi zonse. Munthu amene amangochoka kuntchito n'kukadzitsekera m'chipinda, kudya yekha uku akuyang'ana foni, amayamba kudwala mumtima, ndipo nyengo yozizira ya kuno, dzuwa likamalowa cha m'ma 4 koloko masana, imakulitsa matenda amenewo. Ndaona achinyamata athu akufota chifukwa chosowa wodya naye. Kamodzi pakanthawi patulani ndalama ya chakudya chimenechi osadziimba mlandu. Makolo anu sanakutumizeni kuno kuti mudzakhale opanda anzanu.

Ndalama ya operekera ija amailemba kuti ndi yosakakamiza, koma ngati akutumikirani bwino musaichotse. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo ku England, Scotland ndi Wales limati yonse izipita kwa antchito, bwana asadulepo. Ganizirani kuti tebulo limodzi la timbale timeneti limayendetsa woperekera maulendo ambirimbiri, ndipo kuseri kuli wina amene akutsuka mbale zonsezo. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town ambiri ogwira ntchito zimenezi ndi ana a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, abale anu enieni. Munthu wokubweretserani chakudya muyang'aneni kumaso, muthokozeni, ndipo musamuitane ndi kukhwatchitsa zala kapena mluzu.

Bilu ikafika, chizolowezi ndi kugawana mofanana, ndipo pa chakudya chokha zimenezo n'zoyenera. Musayambe kuwerengetsa kuti ine ndinatola tiwiri, uyu titatu, chifukwa kutero ndi kunyoza zonse zimene mwachitira limodzi. Pa zakumwa ndiye pamasiyana. Botolo limodzi la vinyo likhoza kuposa mtengo wa timbale titatu, ndipo sichilungamo kuti amene wamwa madzi alipirire mabotolo a anzake. Wamwa madziyo sangathe kunena yekha, akuopa kuoneka waumbombo, ndipo mwina wamwa madziwo chifukwa choti m'thumba mulibe. Choncho mawuwa achoke kwa inu amene mwamwa vinyo. Makina olipirira asanafike nenani kuti chakudya tigawane tonse, koma zakumwa aliyense alipire zake. Woperekera amatha kudula ndalama zosiyana pa khadi lililonse, ndipo zimangomutengera mphindi zochepa. Ngati mnzanu wina wakulipirirani kuti mudzamubwezere, mutumizireni ndalamayo usiku womwewo musanagone, asachite kukukumbutsani Lolemba kuntchito.