Kusunga Munthu ndi Kumsamalira—Kodi Nzofanana?

M'CHAKA cha 1935, dokotala wina wamkazi wotchedwa Marjory Warren anapatsidwa thayo la kuyang'anira nyumba ya odwala aumphaŵi imene inali pafupi ndi chipatala cha West Middlesex, kumadzulo kwa London. Mmenemo anapezamo anthu 714, ambiri a iwo okalamba, amene analingaliridwa kukhala osachiritsika. Iwo anali kudyetsedwa, kusambitsidwa, ndi kufunditsidwa. Komabe ochuluka anali chigonere pakama kwa miyezi kapena zaka, ndipo anali asanapimidwepo mosamalitsa kuti chimene chinawagoneka chidziŵike.

Warren anawapima mmodzimmodzi. Iye anapeza kuti ena anali ndi matenda okhoza kuchiritsidwa, ndi kuti ena, monga aja amene anafa ziŵalo ndi sitiroko, akanatha kuphunziranso kuyenda. Anaŵalitsa zipinda zawo, anawadzutsa pakama, ndipo anawalimbikitsa kudzichitira zinthu okha. Ambiri anabwerera kwawo, kwakuti m'kupita kwa zaka makama a odwala matenda okhalitsa anatsika kufika pa 240.

Nkhani imeneyi imadzutsa funso lovutitsa maganizo. Kodi anthu 714 amenewo anali kusamaliridwa Warren asanafike? Anali ndi denga, chakudya, ndi zofunda. Ngati zimenezo sizinali chisamaliro, kodi nchiyani chimene chinasoŵeka?

M'Chicheŵa malo oterowo amatchedwa nyumba zosungiramo okalamba, ndipo dzinalo limaulula zambiri koposa zimene olitchula amalingalira. Chimanga chimasungidwa m'nkhokwe. Ndalama zimasungidwa kubanki. Chinthu chosungidwa bwino ndicho chimene chimapezedwa monga momwe chinasiyidwira, chosabedwa, chosafumbwa. Koma munthu samakhala monga momwe anasiyidwira. Tsiku lililonse iye amawonjezera nyonga kapena kuitaya, ndipo zimenezi zimadalira kwambiri pa zimene manja a ena amamchitira, ndi pa zimene manjawo amamlola kudzichitira.

Thupi Losiyidwa Chigonere

Talingalirani zimene zimachitika kwa munthu amene sakhoza kudzitembenuza. Kulemera kwa thupi lake kumapanikiza khungu pakati pa fupa ndi matiresi, makamaka m'chiuno, kumunsi kwa msana, ndi pazidendene. Mitsempha yaing'ono ya mwazi imatsekeka, ndipo m'maola oŵerengeka chabe mnofu wa pamalopo umayamba kufa. Choyamba pamaoneka banga lofiira kapena lakuda koposa khungu lozungulira. Pambuyo pake pamabuka chilonda chimene chingakumbe kufikira pafupa.

Nkhondo Yadziko II isanafike, ochuluka a anthu opuwala chifukwa cha kuthyoka msana anali kufa m'zaka zoŵerengeka, kaŵirikaŵiri ndi zilonda zimenezi ndi matenda a m'chikhodzodzo. Pamene Ludwig Guttmann anatsegula chipinda cha ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England mu 1944, iye anaumirira kuti wodwala aliyense adzitembenuzidwa pamaola aŵiri alionse, usana ndi usiku. Anthu amene anayembekezeredwa kufa anakhala ndi moyo. Pa July 29, 1948, tsiku limene Maseŵera a Olympic anatsegulidwa ku London, odwala 16 okhala pamipando yamagudumu anapikisana pa kuponya mivi pabwalo la chipatalacho. Maseŵera a Paralympic anayambira pamenepo. Komatu asanagwire uta, panali munthu wina amene anadzuka pakati pa usiku kukawatembenuza pamene panalibe womuona.

Minofu nayonso simayembekezera. Mu 2007 ofufuza a ku United States anafalitsa zimene anapeza atagoneka pakama kagulu ka anthu achikulire athanzi labwino kwa masiku khumi. Miyendo yawo inataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu. Ngati zimenezo zinachitikira athanzi, bwanji ponena za gogo amene wathyoka fupa la m'chiuno?

Panopa mpamene pali msampha umene ngakhale anthu okoma mtima amagweramo. Kudyetsa wodwala sitiroko ndi supuni kumatenga mphindi zoŵerengeka, pamene kumlola kudzidyetsa ndi dzanja lonjenjemera kungatenge theka la ola ndi kusiya phala pamalaya. Kumveka theŵera nkofulumira koposa kuyenda naye pang'onopang'ono kupita kuchimbudzi. Woonerera angatamande wosamalirayo kaamba ka changu chake. Chikhalirechobe, dzanja limene silikugwiritsiridwa ntchito limauma, ndipo munthu amene wazoloŵetsedwa theŵera amaleka kuitana. Chotero thandizo lina limalanda munthu zochepa zimene anatsala nazo, ndipo limatero mwaulemu ndi momwetulira.

Chisungiko Kapena Ufulu?

Funso lovuta kwambiri limabuka pamene kutetezera munthu kuwombana ndi kumlemekeza. M'ma 1980, pafupifupi 40 peresenti ya okhala m'nyumba za okalamba ku United States anali kumangiriridwa kumipando kapena kumakama awo ndi malamba ndi nsalu. Cholinga chake chinali chakuti asagwe. Mu 1987 dzikolo linapanga lamulo lopatsa okhalamo kuyenera kwa kusamangidwa kaamba ka chilango kapena kaamba ka kupeputsira antchito ntchito. M'zaka zotsatira chiŵerengerocho chinatsika kufika pansi pa 5 peresenti, ndipo kuvulala kowopsa kumene ambiri anakuwopa sikunawonjezereke monga momwe ananeneratu. Kunadziŵikanso kuti malambawo anali kufooketsa miyendo, kuchititsa zilonda, ndipo nthaŵi zina kupotola anthu amene anayesa kudzimasula.

Komabe kungakhale kusaona mtima kunena kuti omanga malambawo anali ankhanza onse. Kugwa kwa munthu wokalamba si nkhani yaing'ono, pakuti ambiri amene amathyoka fupa la m'chiuno samayendanso monga kale, ndipo ena amafa chaka chisanathe. Ndiponso, nkhalamba ikagwa, pamakhala wina woimbidwa mlandu. Nkhalamba ikafota mwakachetechete pampando, palibe amene amafunsidwa. Kodi nzodabwitsa kuti antchito amasankha ngozi imene simaoneka?

Kufufuza kwina kotchuka kunasonyeza mbali ina ya nkhaniyi. Mu 1976 Ellen Langer ndi Judith Rodin anafalitsa zimene anachita panyumba ina ya okalamba ku Connecticut. Okhala pansanjika imodzi anauzidwa kuti anali ndi ufulu wa kusankha mmene zipinda zawo zidzaikidwira ndi tsiku limene adzaonerera kanema, ndipo aliyense anapatsidwa duŵa lakuti adzilithirira yekha. Okhala pansanjika ina anapatsidwanso maluŵa, koma anauzidwa kuti anamwino adzawathiririra ndi kuwasamalira m'zonse. Patapita miyezi 18, 15 peresenti ya gulu loyamba anali atamwalira, poyerekezera ndi 30 peresenti ya gulu lachiŵiri. Magulu ameneŵa anali aang'ono, osakwana anthu 50 lililonse, chotero ziŵerengerozo siziyenera kusenzetsedwa katundu wolemera. Koma onani kuti gulu lachiŵiri silinachitiridwe choipa chilichonse. Linangochitiridwa zonse.

Ndithudi, pali nthaŵi pamene ufulu uyenera kuchepetsedwa. Mayi amene nzeru zake zasokonezeka ndi matenda a Alzheimer sangatseguliridwe chitseko cha kumsewu chifukwa chakuti akufuna kupita kwa amake amene anamwalira kalekale. Koma bambo wanzeru zake zonse amene akudziŵa kuti angagwe, ndipo akufunabe kuyenda yekha kukawothera dzuŵa, ali ndi mlandu wosiyana. Moyo wake wonse iye anadzisankhira ngozi zimene anali wokonzeka kuyang'anizana nazo. Nkovuta kusonyeza chifukwa chake kulephera kwa mawondo kuyenera kusamutsira kuyenera kumeneko kwa munthu wina.

Pamene Munthu Asanduka Chiŵerengero

Pali malo kumene ngakhale kusunga kwenikweniko kunalephereka. Mu October 2015, dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng ku South Africa inalengeza kuti idzathetsa pangano lake ndi Life Esidimeni, kampani imene inali kusamalira odwala maganizo kwa nthaŵi yaitali. Liwu lakuti esidimeni limatanthauza malo aulemu. Akuluakulu ananena kuti anafuna kusunga ndalama ndi kubwezera odwalawo pakati pa anthu, ndipo cholinga chachiŵirichi mwa icho chokha chimavomerezedwa ndi akatswiri ambiri. Mabanja ndi madokotala anachenjeza kuti malo atsopanowo sanali okonzeka. Machenjezowo ananyalanyazidwa.

M'theka loyamba la 2016, odwala pafupifupi 1,700 anasamutsidwa mofulumira, ena m'magalimoto onyamula katundu, ena popanda mafaelo awo kapena mankhwala awo. Mabanja ambiri sanauzidwe kumene abale awo anapititsidwa. Boma linali kulipira pafupifupi R320 patsiku kaamba ka wodwala aliyense ku Esidimeni, pamene timagulu tolandira odwalawo tinapatsidwa pafupifupi R112. Mu February 2017, Profesa Malegapuru Makgoba, wofufuza madandaulo a zaumoyo, anapereka lipoti lakuti timagulu 27 timene tinaloŵetsedwamo tinalibe ziphaso zoyenera. Potsirizira pake kunadziŵika kuti anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizidwa, ndi chibayo.

Mu March 2018, woweruza wopuma pantchito Dikgang Moseneke anakana zifukwa zimene akuluakuluwo anapereka ndipo analamula kuti banja lililonse lodandaula lipatsidwe R1.2 miliyoni. Mu 2024 khoti la ku Pretoria linapeza kuti imfa za odwala asanu ndi anayi zinachititsidwa ndi kunyalanyaza kwa akuluakulu aŵiri a dipatimentiyo.

Kodi nchifukwa ninji zinatheka? Mbali ya yankho ili mumkhalidwe wa odwalawo. Wogula sopo woipa samabwereranso kusitoloko. Wodwala malungo amene wanyozedwa pachipatala amatuluka ndi kukasimbira anzake. Koma munthu amene sakhoza kulankhula, kapena amene mawu ake samakhulupiriridwa, sangachoke ndipo sangadandaule. Amene amasankha malowo ndi kulipira ndiye wina, pamene amene amagona pabedi lonyowalo ndiye winanso. Kulikonse kumene aŵiriŵa atalikirana, mtengo umaoneka bwino lomwe papepala, pamene ludzu silimaoneka konse.

Manja Amene Amagwira Ntchitoyo

Nkosavuta kuloza chala wantchito amene wayankha nkhalamba mwaukali. Koma tayerekezerani kuti mkazi mmodzi wapatsidwa anthu 12 oti awadzutse, kuwasambitsa, ndi kuwaveka m'maola aŵiri chakudya cha mmaŵa chisanafike. Aliyense adzalandira mphindi khumi. M'mphindi khumi mulibe malo a kuyembekezera dzanja lonjenjemera kuti limange batani. Wantchitoyo angadziŵe bwino lomwe chimene chili choyenera, koma ndandandayo yamsankhira kale. Akazi ndi amuna ambiri ochokera ku Zimbabwe ndi maiko oyandikana nawo amene apita ku Britain kukagwira ntchito imeneyi amaudziŵa mtolo umenewu, ndipo ena a iwo amasambitsa makolo a eni pamene makolo awo akukalambira kumudzi. Eni nyumba amene amachepetsa antchito kuti phindu likule ali ndi liwongo la zilonda zimene iwo sanazionepo ndi maso.

Zimenezi sizimachotsa thayo la wantchito aliyense payekha. Kuitana nkhalamba ndi dzina lake laulemu mmalo mwa nambala ya bedi sikumawonjezera mphindi. Kugogoda asanaloŵe, kufunditsa munthu pomsambitsa, ndi kumuuza chimene chikuchitika asanamnyamule, zonsezi zimatheka ngakhale patsiku lopanikiza.

Oŵerenga ena a m'chigawo chino cha Afirika anganene kuti nkhaniyi njakunja, popeza kuti kuno makolo amasamaliridwa panyumba. Kwakukulukulu zimenezo nzoona, ndipo nzoyamikirika. Komabe nyumba za okalamba za ku Zimbabwe kwanthaŵi yaitali zakhala ndi amuna ambiri ochokera ku Malaŵi ndi Mozambique, amene anathera nyonga yawo m'mafamu ndi m'migodi nakalamba kutali ndi abale. Ndiponso munthu angasungidwe chabe ngakhale pamudzi pake. Gogo amene amapatsidwa nsima m'kachipinda kakumbuyo, amene samafunsidwanso uphungu ndipo samapatsidwanso nyemba zoti asankhe, ali pamkhalidwe wofanana ndi wa odwala a Warren. Kumbali ina, banja limene lafika pamapeto a nyonga yake ndi kupereka kholo lake kwa anamwino odziŵa ntchito silinalitaye kwenikweni, malinga ngati likupitirizabe kufika. Akale anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe, ndipo ana amene amaperekeza makolo awo kukaona agogo akuphunzira njira imene adzaiyenda pambuyo pake.

Wachibale amene amacheza kaŵirikaŵiri, ndiponso panthaŵi zosayembekezereka, amaona zimene woyendera waboma wofika kamodzi pachaka sangaone. Maluŵa a pakhomo ndi mipando ya m'chipinda cholandirira alendo sizimamuuza zambiri. Iye angayang'ane ngati okhalamo avala zovala zawozawo ndipo achotsedwa pakama masana, ngati nkhope za antchito zili zomwezo mwezi ndi mwezi, ndi utali wa nthaŵi imene belu limalira lisanayankhidwe. Angavundukule bulangete ndi kupenda zidendene. Angaonenso kumene kapu ya madzi yaikidwa, pakuti kwa munthu amene anafa dzanja lamanja, kapu yodzaza yoikidwa kudzanja lamanja idzapezedwa madzulo idakali yodzaza.